Buluku Langa ndi Lamulungu la ku Munich

Matikiti otsika mtengo amene tinagula pochoka ku Manchester kupita ku Munich ankalola munthu kunyamula kachikwama kamodzi kokha kokwana pansi pa mpando wa m'ndege, choncho ine ndinaona kuti buluku limodzi ndi lokwanira kwa munthu wamkulu wodzisamala pa ulendo wa Lachisanu mpaka Lamulungu. Mayi a kunyumba anali ndi maganizo ena, koma popeza m'kachikwama kawo munalowa mapeyala awiri a nsapato, mpango ndi chitenje cha bungwe la amayi a kumpingo kwathu, sindinawaone ngati munthu woyenera kundiphunzitsa kulongedza.

Loweruka linayamba bwino kwambiri. Pa 11 koloko tinali pabwalo la Marienplatz pamodzi ndi khamu la alendo, tonse titakweza mitu kuonerera zidole za pansanja ya holo ya mzinda, zimene zimazungulira mabelu akulira pokumbukira ukwati wa mu 1568 wa Wilhelm V, amene anadzakhala wolamulira Bavaria, chigawo cha dziko la Germany kumene kuli Munich. Titayendayenda pamsika wa Viktualienmarkt, ndinakhala pansi ndi kudya Schweinshaxe, mwendo wa nkhumba wowotcha mpaka chikopa kuuma, pamodzi ndi mibulu ya mbatata ndi mowa wa m'tambula ya lita yathunthu. Ndatchula chakudyachi chifukwa mayi a kunyumba amanena mpaka lero kuti ndicho chinayambitsa zonse, pamene ine ndimaumirirabe kuti mlanduwo ndi wa amene anasoka bulukulo.

Chakumadzulo tinapita kukakwera nsanja ya tchalitchi cha St. Peter, chimene eni mzinda amachitcha Alter Peter. Kumeneko kulibe chikepe, kuli masitepe pafupifupi 300 opapatiza kwambiri moti okwera ndi otsika amadikirana m'makona. Titatsala pang'ono kufika pamwamba, kamwana kamene kanali patsogolo panga kanagwetsa chipewa, ndipo ine, monga munthu woleredwa bwino, ndinawerama kuti ndikatolere, mwendo wina uli pasitepe yapamwamba, wina uli masitepe awiri m'munsi. Panamveka kwee! kuchokera palamba mpaka pakati pa ntchafu, ndipo kamphepo ka m'nsanjamo kanafika pamalo pamene sikanaitanidwe. Kumbuyo kwanga kunali gulu la amayi achikulire a ku Italy, ndipo amene anali pafupi nane anachita chizindikiro cha mtanda.

Amati tsiku lopanda mitambo munthu amaona mapiri a Alps kuchokera pamwamba pamenepo, komanso nsanja ziwiri za tchalitchi cha Frauenkirche zili pafupi pomwepo. Ine ndinazungulira khonde lonse msana uli kukhoma, ndikuyenda chammbali ngati nkhanu, ndipo chimene ndinachiona bwino ndi mapewa a mayi a kunyumba akugwedezeka. Unali mwezi wa July, kunja kukutentha, jekete inali itatsala ku Manchester.

"Bambo, musadandaule, tikagula lina," anatero akupukuta misozi.

Masitolo a zovala ali mumsewu wa Kaufingerstraße, mtunda wa mphindi zochepa kwa munthu woyenda bwino, koma munthu amene akuyenda mawondo ataphatikana, mkazi wake atamumatirira kumbuyo, safika msanga. Tinayamba taima pakona kukangana ngati ndi bwino kubwerera kaye kuhotela, ndipo pamene tinkafika pakhomo la sitolo yoyamba, bambo wina wa yunifolomu anali akukhoma. Ndinamulozera wotchi, ndinamulozera mabuluku amene anali pazidole kuseri kwa galasi, kenako ndinatembenuka pang'ono kuti aone yekha kukula kwa vutolo. Anayang'ana mwachifundo ndithu, anagwedeza mutu, nanena mawu amodzi okha akuti Montag, kutanthauza Lolemba. Ku Bavaria masitolo amatseka pa 8 koloko usiku, ndipo Lamulungu satsegula n'komwe, chifukwa tsikulo ndi lopuma malinga ndi malamulo a dziko la Germany. Ndege yathu inali ya Lamulungu usiku.

Kuhotela anatipatsa singano ndi kaulusi koyera kosakwana mkono. Mayi a kunyumba anasoka buluku lakudalo ndi ulusi woyerawo, akuimba nyimbo ya m'buku motsitsa mawu kuti asaseke, ine nditakhala pabedi thaulo lili m'chiuno. M'mawa tinapita kusiteshoni yaikulu ya sitima, Hauptbahnhof, kumene malamulo amalola masitolo ena kutsegula chifukwa cha apaulendo. Tinapezako buledi, maluwa, nyuzipepala ndi mankhwala otsukira mano, koma zikuoneka kuti opanga malamulo sanaganizepo kuti wapaulendo angafune buluku. Pokwera tramu yobwerera ulusi woyera uja unagonja, ndipo nsaluyo inang'ambika motsatira mabowo a singano mpaka kumtunda kwa bondo.

Apa m'pamene chitenje chinatuluka m'kachikwama. Anandimanga okha, mwaukatswiri, mfundo ili pambali monga amachitira popita kumaliro, ndipo tinapita ku paki ya Englischer Garten popeza ndalama za ulendo zinali zitalipiridwa kale. Pa Chinesischer Turm gulu la malipenga linali kuimba pamwamba pa nsanja yamatabwa, ndipo m'mabenchi munali amuna ambiri ovala Lederhosen, akabudula awo achikopa amene ndinawayang'ana mwansanje, chifukwa chovala chimenecho sichingang'ambike ngakhale munthu atatola zipewa tsiku lonse. Mkulu wina wa ndevu zoyera anandiyandikira mwaulemu, nafunsa m'Chingerezi ngati chimene ndavala ndi chovala cha amuna akwathu pa tsiku la chikondwerero. Ndinavomera ndi mutu mwaufumu. Anasangalala kwambiri, anaitana anzake, tinajambulitsa pamodzi, moti kwinakwake ku Bavaria kuli chithunzi cha ine nditavala dzina la bungwe la amayi pamodzi ndi vesi lake pamatako. Mayi a kunyumba ndi amene anajambula, ndipo anapempha kuti awatumizireko.

Kubwalo la ndege wachitetezo anandiuza kuti ndichotse lamba, wotchi ndi nsalu imene ndinadzikulunga nayo. Ndinayesa kufotokoza, koma iye anati malamulo ndi malamulo, anthu a pamzere akudikira. Ndinamasula mfundoyo, ndinaika chitenje m'thireyi, ndinakweza manja m'mwamba monga anandiuzira, nditatembenukira kumene anandilozera. Sipanapite masekondi asanu, mkuluyo anathamangira kumakina, natenga chitenjecho chisanamalize n'kutuluka komwe, nandipatsa ndi manja awiri akuyang'ana kudenga.