Usiku umene namwino anagwira dzanja la mayi anga aang'ono

M'nyengo yozizira yapitayi ndinakhala gadiyani kwa sabata yathunthu pa chipatala china cha mumzinda muno wa Blantyre, ndikudikirira mayi anga aang'ono amene anawachita opaleshoni ya m'mimba. Usiku wachiwiri m'wodimo munali anamwino awiri okha, pamene mabedi onse anali odzaza ndipo odwala ena anagona pa matiresi pansi. Cha m'ma 2 koloko, namwino wina wachikulire amene ankadzasintha diripi ya pabedi loyandikana nafe anacheuka, nagwira dzanja la mayiwo, n'kufunsa kuti, "Amayi, mukumva bwanji m'thupimu?" Iwo anayankha kuti akungomva ludzu basi. Ine ndinali nditatenga kale kapu ya madzi, koma anesiwo anandiletsa, anawayeza BP, ndipo posakhalitsa anaitanitsa adokotala. Kunapezeka kuti magazi ankatayikira m'kati, choncho anawabwezera ku fiyeta usiku womwewo.

Manja a mayiwo anali ozizira, ndipo ndinali nditawagwira inenso, koma ndinkangoti ndi chisanu cha mwezi wa June. Magadiyani timasambitsa wodwala, timamudyetsa phala ndi kumutembenuza, ndipo popanda ife mawodi athu sangayende, komabe sitidziwa kuti mtima ukamagunda mothamanga pamodzi ndi ludzu lotere ndiye kuti zinthu zayamba kuipa. Funso limene limandisowetsa mtendere mpaka lero ndi lakuti, diripi ya mnzathu uja ikanapanda kutha pa ola limenelo, kodi anesiwo akanafika nthawi yanji pabedi pathu?

Nkhani ya kuchuluka kwa odwala pa namwino mmodzi anaifufuza kale akatswiri a kunja. Mu 2014, gulu lotsogozedwa ndi Linda Aiken linasindikiza m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zotsatira za kafukufuku wa m'zipatala 300 za m'mayiko 9 a ku Ulaya. Anapeza kuti namwino akamuwonjezera wodwala mmodzi pa amene akuwasamalira kale, chiopsezo choti wodwala wa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30 chimakwera ndi 7 peresenti, ndiponso kuti chiwerengero cha anamwino a digiri chikakwera ndi 10 peresenti, chiopsezocho chimatsika ndi 7 peresenti. Ku California, m'dziko la America, kuli lamulo loti m'wodi wamba namwino mmodzi asapitirire odwala asanu. Nditawerenga zimenezi ndinangopukusa mutu, pokumbukira anthu amene anamwino awiri aja ankawazungulira usiku wonse.

Pa za digiri ndiyenera kusamala, chifukwa kuno kwathu ntchito yaikulu ili m'manja mwa anamwino ndi azamba a dipuloma, ambiri mwa iwo ophunzira zaka zitatu m'makoleji a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), pamene a digiri amaphunzira zaka zinayi ku masukulu monga Kamuzu University of Health Sciences. Onsewa amalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo sindikunyoza aliyense. Maganizo anga ndi akuti pa shifiti iliyonse, makamaka ya usiku, pazikhala mmodzi wophunzira mozama ndi wokhalitsa pantchito, amene achinyamata ongotuluka kumene kusukulu angathamangireko akaona zachilendo. Koma ngakhale wophunzira chotani, ngati ali ndi mabedi makumimakumi, maphunziro akewo amathera pa kubaya jakisoni ndi kulemba m'mafayilo, osapeza mphindi yoti ayang'ane nkhope ya wodwala.

Dziko lino linayesapo kale kuchitapo kanthu. Anamwino atachuluka opita ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, boma mothandizidwa ndi DFID (nthambi ya boma la Britain imene inkathandiza mayiko ena) ndi thumba la zaumoyo la Global Fund linayambitsa ndondomeko yapadera mu 2004, imene inawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti komanso kuchulukitsa ophunzira m'makoleji. Chondidabwitsa lero n'chakuti kuno ku Ndirande ndikudziwa atsikana amene anamaliza maphunziro a unamwino, ali ndi ziphaso zawo m'manja, koma akugulitsa kaunjika podikira kuti boma lidzawalembe ntchito.

Mayi anga aang'ono anatuluka m'chipatala patatha masiku ena asanu. Tinkafuna kukathokoza anesi aja, koma anatiuza kuti ali kunyumba akupuma, poti anali atagwira usiku masiku angapo motsatizana.