Inati "Done", koma pafupifupi theka la zithunzi za ku Lundazi kulibe

Lachitatu cha m'ma 3 koloko masana ndinatsala pang'ono kuponya laputopu pawindo. Lero ndi Loweruka koma mtima sunakhalebe m'malo.

Ofesi yathu kuno ku Chipata imalandira mafayilo kuchokera kwa alangizi a ku Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi: zithunzi za minda, mafomu a alimi, malisiti a mbewu. Intaneti ya kumidzi mukuidziwa, ndiye amapanikiza zonse m'fayilo imodzi, ena zip, ena tar.gz. Zaka zonsezi ndakhala ndikumasula ndekha pamanja. Mwezi watha akuluakulu a ku Lusaka analemba ganyu mnyamata wina kuti apange kapulogalamu ka pa command line (kolamulidwa polemba mawu, osati podina zithunzi) koti kazimasula kokha chilichonse chimene chafika, kenako kazitumiza imelo kwa mlangizi yonena kuti zafika bwino. Mlangizi akaona imeloyo amaloledwa kufufuta zake, chifukwa makadi a m'matabuleti awo ndi aang'ono. Ine anandipatsa sabata imodzi yoti ndikayese.

Lolemba ndinapempha chinthu chimodzi chokha, disiki yapadera yoyeserapo, kapena kakompyuta kakale kalikonse. Abwana anati, "Bambo, ndalama ya zimenezo palibe. Yesani pa seva yomweyo, si munapitira zimenezi kusukulu?" Seva ndi kompyuta yaikulu imene imasunga zonse za ofesi. Ndinangoti chabwino bwana.

Masiku awiri oyamba panalibe chodabwitsa. Zip, tar.gz, tar.xz ndi 7z zonse zinamasuka. Rar inakana chifukwa pa seva panalibe unrar, pulogalamu yoimasulira, ndinaika. Dzina la fayilo lokhala ndi ŵ linatuluka ngati nkhuku yapalasapo, vuto lakale lija la zip loganiza kuti mayina ali mu CP437, kalembedwe kakale ka zilembo za kompyuta, ngati fayiloyo sinanene kuti ndi UTF-8, kalembedwe kamakono. Ndinayesanso Zip Slip ija inamveka mu 2018, kuika ../../ m'dzina kuti fayilo ikagwere kunja kwa foda, koma tar, pulogalamu yomasula mafayilo a tar.gz, inakana yokha. Zip bomb sindinayerekeze. 42.zip ija ya makilobaiti 42 imene imafufuma kufika mapetabaiti 4.5, ndiitsegule pa seva yomwe ikusunga malipiro a anthu? Ndili ndi ana.

Lachiwiri madzulo abwana anadutsa, n'kuona zobiriwira pa sikirini. "Zikuyenda eti? Iyatseni pa cron, lipoti la opereka thandizo likufunika Lachisanu." Cron ndi imene imayendetsa pulogalamu yokha pa nthawi yoikika, popanda munthu. Ndinawauza kuti sindinayese mafayilo oduka, ofika osathera. Anati oduka adzaoneka akadzaduka. Apa ndi pamene ndikudziimba mlandu, ndinayenera kuwauza kuti alembe zimenezo pa imelo.

Lachitatu mlangizi wa ku Lundazi anatumiza tar.gz yake. Ili mkati mokwera, kumeneko malaiti anapita, rauta n'kuzima. Fayilo inafika yoduka mchira. 2 koloko itakwana cron inadzuka, pulogalamu inamasula, n'kulemba "Done", imelo n'kupita. Ine ndinatsegula fodayo patapita ola, ndikudya chimanga chootcha chimene ndinagula pamsewu. Fomu yake imati zithunzi 390. M'foda munali 212.

Ndinatsegula log, momwe pulogalamu imalemba zimene yachita. Zonse zinali momwemo, zolembedwa poyera: "gzip: stdin: unexpected end of file", pansi pake "tar: Unexpected EOF in archive". Tar inakuwa ndithu, koma palibe anaimva. Nditalowa mu script, momwe mwalembedwa malamulo a pulogalamuyo, ndinapeza kuti mnyamata uja anadutsitsa zotuluka za tar pa paipi (njira yopatsira lamulo lina zotuluka za linzake) kupita ku lamulo lotchedwa tee kuti zilembedwe mu log, kenako n'kufunsa $?, chosungira yankho la lamulo, ngati ndi 0, nambala yotanthauza kuti zayenda bwino. Amene mumalemba bash mwaona kale. Pa paipi $? imabweza yankho la lamulo lomaliza, ndipo lomaliza linali tee. Tee inalemba bwinobwino, ndiye inati 0. Tar inabweza 2, kutanthauza kuti yalephera, koma yankho lake linathera m'njira. Mzere umodzi wa set -o pipefail, umene umachititsa paipi kunena ngati lamulo lililonse lalephera, ukanatipulumutsa.

Ndinaimba foni manja akunjenjemera.

"Achimwene, zithunzi zija musafufute."

"Aa, ndafufuta kale. Imelo yabwera kuti zafika, ndipo kadi inadzaza, mawa ndili ndi midzi ina."

Munthuyu anayenda masiku asanu ndi limodzi pa njinga yamoto m'matope a February kujambula minda ya soya ndi mpendadzuwa, chimanga chili pa ngaiyaye. Chithunzi chimafunika cha munda mmene unalili tsiku la kalembera, sungabwerere patapita milungu iwiri n'kunena kuti ndi chomwecho. Sanalakwitse kalikonse, anachita zimene tinamuuza. Ndinamupempha kuti achotse kadiyo nthawi yomweyo, asajambulirepo ngakhale chithunzi chimodzi, aikulunge m'pepala aipereke kwa kondakita wa basi ya m'mawa. Kuchoka ku Lundazi kufika kuno ndi makilomita oposa 170. Ya kondakitayo ndinalipira ya m'thumba mwanga.

Lachinayi lonse linathera pa PhotoRec, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutidwa. Kufufuta pa kadi sikuchotsa chithunzi chenichenicho, kumangochotsa dzina lake m'kaundula, bola pasalembedwe china pamwamba. Mwa 178 zosowa zinabwerera 171. Koma PhotoRec sibweza mayina, imakupatsa f ndi manambala basi, ndiye ndinakhala mpaka 9 koloko usiku ndikufananiza nthawi ya mu EXIF (zimene kamera imalemba mkati mwa chithunzi) ndi mafomu, munda ndi munda, jenereta ikulira kuseri kwa ofesi, mlonda akundifunsa ngati ndathamangitsidwa kunyumba. Zisanu ndi ziwiri zija zinapita. Alimi asanu ndi awiri a kumeneko mafomu awo alibe chithunzi.

Script ndinaikonza ndekha usiku womwewo. Pipefail pamwamba. Gzip -t, yoyesa ngati fayilo ndi yathunthu, isanamasule chilichonse. Mlangizi azitumiza sha256 ya fayilo yake, nambala imene imasintha fayilo ikasintha ngakhale pang'ono, ndipo imelo yoti zafika isamatuluke manambala asanafanane. Kenako ndinachita zimene ndinkafuna kuchita Lachiwiri: kutenga fayilo yabwino, kuidula dala ndi lamulo la head -c pa malo osiyanasiyana, n'kuidyetsa. Yonse inakanidwa. Zip yoduka inali kukana kuyambira kale, chifukwa kaundula wake amakhala kumapeto kwa fayilo, ukadula mchira unzip sipeza poyambira. Tar ndiye imamasula mpaka pamene yadukira, n'kukusiyira foda yooneka ngati yathunthu.

Pa msonkhano wa Lachisanu abwana anauza a ku Lusaka pa foni kuti panali kavuto kakang'ono pa testing koma anyamata athana nako. Anyamata ake ndine ndekha. Za cron sanatchule. Mnyamata wolemba script uja ananditumizira uthenga wopepesa, ndipo ndilibe naye chifukwa, tee yapusitsapo anthu ambiri. Nditatuluka ndinalembanso fomu yopempha disiki, ndinaphatikizapo lisiti ya kondakita, n'kukasiya kwa amayi a ku akaunti. Anaiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, lisiti yolemba pamanja iyi ilibe chidindo."