Njira yomwe ndinadzera mpaka kuphunzitsa zachuma za magetsi ndi nkhalango pa yunivesite

Ophunzira anga akandifunsa kuti munthu amayambira pati kuti adzakhale mphunzitsi ndi wofufuza pa nkhani zachuma zokhudza mphamvu ndi chilengedwe, amayembekezera kuti nditchula dzina la sikolashipu. Ndimawauza kuti ayambe apeza funso limodzi lomwe angakhale nalo zaka zambiri osatopa nalo. Langa linali ili: bwanji banja la m'tauni lomwe lili ndi magetsi m'nyumba limaphikirabe pa mbaula ya makala? Funso limeneli ndi lomwe linandisankhira makosi, aphunzitsi ndi malo ophunzirira.

Digiri yoyamba ndinachitira ku Chancellor College ku Zomba, komwe kuyambira 2021 ndi University of Malawi payokha. Pa gawo ili musathamangire zachilengedwe. Limbikirani masamu, statistics ndi econometrics (kugwiritsa ntchito statistics pofufuza zachuma), chifukwa omwe adzayang'ane makalata anu a masters amayamba kuona magiredi a maphunziro amenewa. Phunzirani Stata kapena R, mapulogalamu a pakompyuta osanthulira manambala, mudakali pomwepo. R ndi yaulere, choncho mudzapitiriza kuigwiritsa ntchito ngakhale mutachoka pasukulu.

Masters ndinadzera pulogalamu ya African Economic Research Consortium (AERC), bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1988 ndipo likulu lake lili ku Nairobi. Dongosolo lake ndi lotere: microeconomics, macroeconomics ndi quantitative methods mumaphunzira pa yunivesite yanu, kenako ophunzira a m'maiko osiyanasiyana amakumana pamodzi kukachita makosi osankha okha. Nthawi yanga tinkapita ku Nairobi, ndipo kumeneko ndi komwe ndinaphunzira koyamba environmental economics. Omwe ali ku Bunda, ku LUANAR, ali ndi njira yofanana ya zachuma za ulimi, yomwe makosi ake osankha ankakachitira ku University of Pretoria.

Kosi imeneyo inandipatsa njira yoonera zomwe ndinkaziona tsiku ndi tsiku. Mtengo wa thumba la makala umalipira wootcha, wapanjinga ndi wogulitsa, koma sulipira mtengo womwe wadulidwa ku Neno kapena ku Mwanza. Mitengo ikatha, dothi limakokolokera mu mtsinje wa Shire, matope ndi zinyalala zimadzaza pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, makina amapanga magetsi ochepa. Magetsi akayamba kuthimathima, mayi wa ku Ndirande amagula makala ambiri. Ndalama ya chiwonongeko chonsechi palibe amaiona pa msika, ndipo ntchito yathu ndi kuiwerengera.

Pa kafukufuku wa masters simukhala ndi ndalama yokafunsa anthu nokha, ndiye gwiritsani ntchito zomwe zilipo. National Statistical Office ku Zomba imachita Integrated Household Survey, ndipo ya 2010/11, 2016/17 ndi 2019/20 mungazipeze kwaulere pa intaneti ku World Bank mukalembetsa ndi kufotokoza cholinga chanu. Muli mafunso a chomwe banja limaphikira, chomwe limaunikira ndi ndalama zomwe limagwiritsa ntchito. Werengani kaye mafunso enieniwo musanatsegule manambala. Funso lokhudza kuphika limafuna njira yomwe banja limadalira kwambiri, pomwe mabanja ambiri amasakaniza: tiyi pa magetsi, nyemba pa makala. Mpata umenewu ndi womwe unakhala proposal yanga ya PhD.

Kufunsira PhD kumatenga pafupifupi chaka, ndipo chovuta si mafomu ayi, koma kupeza supervisor. Ndinkawerenga mapepala a munthu kaye ndisanamulembere, ndipo kalata yanga inali yaifupi: funso langa, manambala omwe ndili nawo, ndi pomwe ntchito yake ikukumana ndi yanga. Malo oti muyang'ane alipo. Pulogalamu ya PhD ya AERC imadzera m'mayunivesite ngati Cape Town, Dar es Salaam, Ibadan ndi Yaoundé II. Palinso Environment for Development, mgwirizano womwe umayendetsedwa kuchokera ku University of Gothenburg ku Sweden ndipo uli ndi nthambi ku Cape Town. Ena amadzera Commonwealth Scholarship kapena DAAD ya ku Germany. Ine ndinapita ku South Africa, chifukwa kunali pafupi moti ndinkatha kubwera kudzafunsa anthu kuno kwathu. Ngati muli kale pa ntchito ya pa yunivesite, konzani msanga za tchuthi cha maphunziro, ndipo werengani bwino mgwirizano wokhudza zaka zomwe mudzagwire ntchito mukabwerako.

Gawo lokafunsa anthu ndi lomwe ndimalikonda, komanso ndi lomwe limafuna kudekha. Musanafunse munthu aliyense mumayenera chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, ya pa yunivesite yanu kapena ya pansi pa National Commission for Science and Technology. Kenako kalata ya ku khonsolo, kenako kukaonekera kwa amfumu kapena a block leader. Ogulitsa makala amayamba akukayikirani, ndipo ali ndi chifukwa: kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chiphaso n'kulakwira lamulo la zankhalango, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020. Ndinkafotokoza poyambirira kuti sindine wa Forestry, kuti mayina salembedwa, ndipo ndinkayenda ndi munthu wodziwika m'deralo. Nyamulani sikelo. Kajumbo ka makala ka ku Bangwe sikalemera mofanana ndi ka ku Kawale, ndipo ogulitsa nthawi zambiri sakweza mtengo, amangochepetsa makala m'jumbomo. Wongolemba mtengo osayeza kulemera sangaone kuti zinthu zadula. Funsaninso nyengo ziwiri, chifukwa nthawi ya mvula makala amasowa ndi kukwera.

Dziwani bwino momwe gawo la magetsi likuyendera, poti ma examiner adzafunsa. Kuyambira 2017 wopanga magetsi wamkulu ndi EGENCO, ESCOM imawagula ndi kuwafikitsa kwa anthu, ndipo mitengo yake imavomerezedwa ndi MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse ndi omwe ankaunikira magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthima kwa magetsi kunapitirira kwa chaka choposa. Kwa mabanja linali tsoka. Kwa wofufuza ndi nthawi yomwe imaonetsa poyera zomwe anthu amachita magetsi akasowa, ndipo ndimalimbikitsa ophunzira anga kuifufuza mozama.

PhD ikatha, kukwera kuchoka pa lecturer kufika pa senior lecturer, associate professor ndi professor kumadalira kwambiri mapepala osindikizidwa. Magazini a ntchito yathu ndi monga Energy Policy, Energy Economics ndi Environment and Development Economics. Pepala limatenga miyezi kuti liyankhidwe, ndipo kukanidwa n'kwachizolowezi. Mumakonza motsatira ndemanga n'kutumiza kwina. Pewani magazini omwe amakulemberani okha n'kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira, chifukwa komiti yokweza anthu pa ntchito siwawerengera. Pepala lililonse ndimayamba ndalifotokoza pa msonkhano, monga wa pachaka wa ECAMA, bungwe la akatswiri a zachuma m'Malawi, komwe kumakhalanso anthu a m'boma omwe amafunsa mafunso osiyana ndi a m'kalasi.

Chomwe chimadya nthawi mukabwerera ndi makalasi akuluakulu ndi maganyu a consultancy. Maganyuwo amathandiza pakhomo, sindingawanyoze, koma malipoti ake ambiri sasanduka mapepala. Ine ndimavomera okhawo okhudza makala, mbaula ndi magetsi, ndipo ndisanasaine ndimapempha kuti mgwirizanowo undilole kugwiritsa ntchito manambalawo pa kafukufuku wanga ndi wa ophunzira anga a masters.