Chigumu cha pa makala ku Mufakose

Uthenga unafika pa WhatsApp Lachiwiri madzulo: apongozi anga anyamuka ku Dedza Lachisanu, adzera ku Tete, ndipo basi ikapanda kuchedwa pachipata cha Nyamapanda cholowera m'Zimbabwe, Loweruka usiku akhala ali mu Harare. Bambo a kunyumba anawerenga n'kumwetulira. "Paja mayi anga tiyi samwera buledi wa m'sitolo," anatero maso ali pa foni. Sanapitirize, koma ine ndinamva.

Ndinabadwira konkuno ku Mufakose, mu Harare. Agogo aamuna anachoka ku Ntcheu cha m'ma 1950, nthawi ya Chitaganya, mzinda uno ukutchedwa Salisbury, n'kukhala khukhi m'nyumba ya mzungu ku Avondale mpaka imvi mbuu. Anali tchona weniweni. Chichewa tinachisunga, mpingo tinausunga, koma chigumu chinatipulumuka. Masikono ndi keke ya Khirisimasi zinali za agogo aamuna, ndipo zimenezo tinaphunzira ndi miyezo yake yomwe. Chigumu chinali cha agogo aakazi, ankangotapa ndi manja, ndipo atatsikira kulichete zinapezeka kuti palibe anawafunsapo. Ana anga akachiona amati chimodho, dzina la Chishona. Sindiwakalipira, n'zapachibale ndithu, kungoti chimodho chomwe ndimadya kwa anzanga nthawi zambiri chimakhala chopanda nthochi.

Lachitatu ndinayesa ndekha, mwa ine ndimadziwa. Ndinatenga ufa woyera uja wa m'thumba womwe timaphikira nsima, nthochi zinayi zachikasu bwino, soda supuni yodzaza mpaka kutumphuka, n'kusakaniza zonse kamodzi. Ndikuti ndiyatse uvuni, magetsi thi. Ndinathamangira ku mbaula, n'kukhazika poto pa makala ali ngwee. Pasanathe mphindi makumi awiri fungo la kupserera linali litafika kwa aneba. Pansi panali bii, pakati phala, ndipo kachidutswa komwe kanapsa bwino kankamveka sopo m'kamwa. Galu yemwe ananunkhiza n'kuchokapo.

Safunsa anadya phula. Madzulo omwewo ndinakwera kombi kupita ku Highfield kwa azakhali, achemwali awo a malemu bambo anga, omwe anakulira pa miyendo ya agogo aakazi. Ndinawatengera chidutswa chija mu pepala. Anachitembenuza, kuchinyema, kununkhiza, osalawa.

"Mwana wa achimwene, ufa uwu ndi wa nsima. Wauchotsa gaga, wauchotsa mtima, ndiye ukufuna kukoma kuchokere kuti? Pita ukagayitse mgaiwa. Nthochi ukagule zomwe wogulitsa akufuna kutaya. Ndipo moto wako unali pansi wonse, eti?"

Ndinavomera ndi mutu. Anandikhazika pa mkeka n'kundifotokozera mpaka mdima, ine ndikulemba kuseri kwa kope la mwana. Chovuta chinali kusandutsa "kadzanja kamodzi" ndi "mpaka uone kuti zakwana" kukhala makapu. Tinatenga kapu ya mamililita 250, iwo akutapa ndi manja, ine ndikuyeza.

Lachinayi m'mamawa ndinali pa Mbare Musika. Amene munazolowera msika uja usanapse mu Okutobala 2024, musayende ndi mapu akale m'mutu, malo ambiri anasintha, funsani. Chimanga amagulitsa pa ndowa, koma ine ndinangogula theka, chifukwa mgaiwa suchedwa kuwawa. Mtima wa chimanga uli ndi mafuta, ndipo mafuta omwewo, amene amafewetsa chigumu, ndi amenenso amaononga ufa ukakhalitsa pa kutentha. Ndinaluma njere ziwiri zitatu kuti ndimve ngati chauma, n'kuyang'ana ngati mulibe anankafumbwe kapena chowola. Nthochi zambiri za pamsikapo zimachokera ku Honde Valley, ndipo zofewa zamathothomathotho akuda amaziunjika pambali. Mayi wina anandipatsa mulu wonse pa dola imodzi, akundiyang'ana ngati wamisala poona ndikusiya zokongola. Tengani madola ang'onoang'ono. Nkhani ya chenji mu Harare muno mukuidziwa, mungabwerere ndi tomato yemwe simunamufune.

Kuchigayo nenani momveka kuti musakonole, ingogayani. Mukangosiya ndowa osanena kanthu, ena amayamba ndi kukonola poganiza kuti akukuchitirani zabwino. Ndinapemphanso sefa yosalala, chifukwa mgaiwa wokhakhala umakukuta m'mano ngati mchenga. Ufa umatuluka m'chigayo uli wotentha, choncho nditafika kunyumba ndinauyanika pa nsalu mpaka kuzizira ndisanautsekere m'chitini.

Ndisanachoke ku Mbare ndinadzera ku Siyaso, kwa amisiri osula malata. Ichi ndi chinthu chomwe ndikanapanda azakhali sindikanachiganiza: chivundikiro. Cha poto wanga n'chotumphuka pakati, makala amangogubuduka. Ndinanyamula poto yemweyo, mnyamata wina anayeza kukamwa kwake n'kundidulira lata lokhuthala, lafulati, lopinda m'mphepete ngati thireyi kuti ligwire makala ndi phulusa, n'kuikapo chogwirira cha waya. Onetsetsani kuti lata lake ndi lopanda penti, komanso si lamalata ofolerera nyumba aja onyezimira. Ndisanaligwiritse ntchito ndinaliwotcha kaye pa moto lopanda kanthu, kenako kulikwecha ndi phulusa.

Usiku umenewo, nditaona matuza a dzulo lake pa zala, ndinafukula makina a Singer opalasa ndi phazi omwe mayi anandisiyira. Safuna magetsi, ndiye ubwino wake. Ndinadula zidutswa za chitenje chakale, kuno amati zambia, masentimita 20 mbali zonse, pakati n'kuikapo magawo awiri a bulangete lothaitha, kusoka mozungulira, kenako mizere iwiri yopingasa kuti zam'kati zisamathawe pochapa. Zogwirira ziwiri zinatha tiyi asanazizire. Nsalu ikhale ya thonje. Za nayiloni zimasungunukira pa dzanja.

Tsopano muyezo womwe tinagwirizana ndi azakhali, wa poto wa masentimita pafupifupi 24 kukamwa: mgaiwa makapu atatu, fulawa kapu imodzi, nthochi zisanu ndi imodzi zakupsa kwambiri, shuga theka la kapu, mchere theka la supuni yaing'ono, mafuta ophikira kotala la kapu, mazira awiri, chambiko kapu imodzi ndi theka, ndi soda supuni yaing'ono imodzi yosadzaza mpaka kutumphuka, yochita kupala pamwamba ndi mpeni. Chambiko kuno ndi mkaka wosasa uja wa m'mapaketi, Lacto kapena wina aliyense. Azakhali anati agogo sankaika mazira kapena fulawa, zinali za anthu olemera, ndipo chigumu chawo chinkakhala cholemera moti chidutswa chimodzi unkalima nacho mpaka masana. Ine ndinaika. Ana a masiku ano mano awo ndi a buledi.

Dongosolo la kusakaniza ndi pomwe ndinalakwitsa kwambiri tsiku loyamba. Muyambe mwakanya nthochi ndi foloko kapena kuzisinja mu kamtondo mpaka zikhale phala. Thiranimo chambiko, shuga, mchere ndi mgaiwa, takasani, kenako vundikirani muzisiye kwa theka la ola. Apa m'pamene ufa umamwa madzi n'kufewa. Mukadumpha pamenepa mudzadya mchenga, kaya mwaphika bwino chotani. Nthawi yodikirayi ndi yokolezera moto. Theka la ola likatha, onjezerani mazira ndi mafuta. Soda asakanizidwe ndi fulawa pouma, musefe pamodzi, ndipo zimenezi zilowe pomalizira penipeni, poto ali kale chire. Soda akangokumana ndi chowawasa cha chambiko amayamba ntchito nthawi yomweyo, timathovu tija timene timatupitsa chigumu timayamba kutuluka, ndiye mukachedwa kucheza ndi aneba mphamvu yake imathera m'beseni. Akachulukanso kuposa chowawasa chomwe chilipo, wotsalayo ndi amene amabweretsa kukoma kwa sopo ndi mtundu wofiirira woipa uja. Phala lake likhale loti likugwa pa mthiko mwaulesi, losati kuyenderera ngati la mwana.

Mayi wina wa kumpingo kwathu, wophika makeke a ukwati, anandiwonjezera mfundo ina pa za soda. Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chonchi zophika zimatupa msanga, zikatupitsa n'kugwa pakati. Nchifukwa chake muyezo wolembedwa ndi munthu wa kuchigwa umafuna kuchepetsako chotupitsa ukafika kuno. Ndinadzitonthoza kuti ku Dedza nakonso n'kumapiri, apongozi sakadabwa.

M'poto ndinayalamo masamba a nthochi omwe ndinapempha kwa aneba. Awambeni kaye pa moto pang'ono mpaka afote, apo ayi amang'ambika popinda. Pakani timafuta pamwamba pake. Tsamba limateteza pansi kuti pasapserere, limapatsanso kafungo kena komwe pepala la keke silingapereke. Phala lifike theka la poto basi.

Moto ndiye mwini nkhani. Makala abwino kuno savuta kokha kupeza, amadulanso, anthu ambiri ali pa gasi kapena nkhuni. Ine ndinasonkha nkhuni zouma panja n'kudikira zisanduke makala, ndikuwonjezera zitsononkho. Malawi ayi, mudikire makala ayambe kuvala phulusa loyera. Mukatero muwagawe patatu: gawo limodzi litsale pansi, magawo awiri akwere pa chivundikiro. A pansiwo muwamwaze, muwawaze phulusa, ndipo poto asawakhudze. Ine ndinamukhazika pa zidutswa zitatu za njerwa ngati mafuwa. Chifukwa chake n'choonekeratu ukachimva: kutentha kwa pansi kumalowa m'chitsulo n'kufika pa phala mwachindunji, pomwe kwa pamwamba kumayenera kudutsa mpweya kaye. Ukazipatsa mofanana, pansi pamapsa pamwamba pasanayambe.

Ndipo izi zichitikire panja kapena pakhonde popita mphepo. Mwezi wa Juni kuno kumazizira zoti munthu umalakalaka kulowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko, koma mpweya wa makala sununkha, umangogoneka anthu osadzukanso.

Mphindi khumi zilizonse ndinkatembenuza poto pang'ono mbali imodzi, chivundikiro mbali inayo, kuti pasakhale malo amodzi olandira moto wonse. Kusuzumira ayi, mpaka mphindi 25 zitakwana. Apa m'pofunika kudekha kwa maso a nkhono, chifukwa fungo limakhala layamba kale kukuitana. Povundukula, yambani mwauzira phulusa la m'mphepete, nyamulani chivundikiro chili chowongoka, muchiike pa njerwa. Lachisanu, pa kuyesa kwachiwiri, ndinapendeketsa dzanja ndipo tinadya chigumu chothira phulusa mbali imodzi. Pamwamba pakakhala pofiirira koma pakati pakugwedezeka, chepetsani makala a pamwamba n'kubwezeretsa. Changa chinapsa pa mphindi 45. Ndinabaya pakati ndi mpeni woonda, unatuluka wouma. Muchisiye m'poto mphindi khumi chisanatuluke, chotentha chimanyenyeka. Amene magetsi akukondani tsiku limenelo, uvuni wa madigiri 180 umachita zomwezi pa nthawi yofananayo, kungoti nkhoko yake siifika pa ya makala.

Basi inachedwa pachipata, apongozi tinakawatenga ku Roadport, pofikira mabasi ochokera kunja, pakati pa usiku, mapazi atatupa. Lamulungu ndinadzuka tambala woyamba, ndipo pomwe ankatuluka kukasamba, chigumu chinali pa tebulo chitavundikiridwa ndi nsalu. Ndinagwada, kuwapatsa madzi osamba m'manja, kuthira tiyi, mtima uli phaphapha.

Ananyema ndi zala, osafuna mpeni. Anatafuna nthawi yaitali.

"Ufawu mwagayitsa nokha, mayi?"

"Eya, amayi. Ku Mbare."

"Zikumveka. Mazira mwaikamo angati?"

"Awiri."

"Mmm. Keke ndithu." Anaseka, n'kuloza chikwama chawo chachikulu chamizeremizere chija. Mdzukulu wawo anachikoka. Pansi pa matumba a nyemba, usipa ndi ufa wa kondowole panatuluka kamtolo ka masamba a nthochi komanga ndi luzi. Chinali chigumu chawo, chophika Lachinayi usiku ku Dedza, chitawoloka malire awiri, cholemera ngati njerwa, chakuda m'mbali, chopanda dzira ngakhale limodzi. Anandidulira chidutswa. Chinali ndi kukoma kwa pakhonde la agogo aakazi, ndipo ndinayamba ndayang'ana kumbali kaye.

Mwana wanga wamng'ono anali atagwira china kumanja china kumanzere, akuluma mosinthanasinthana. "Gogo, chimodho chenyu chakaoma," anatero m'Chishona, kunena kuti n'cholimba.

"Akuti chiyani ameneyu?"

"Akuti muwonjezere, amayi," anayankha bambo ake msangamsanga.

Apongozi anamudulira china, kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati mgaiwa watsalako, ndi kuti chivundikiro chija anasula ndani, chifukwa akufuna chawo chopita nacho ku Dedza.