Bambo a ana anga ayambanso kuyenda, zikomo nonse

Abale, alongo ndi anzanga nonse, ndabwera kudzathokoza. Bambo a ana anga asiya ndodo imodzi, akuyendera imodzi yokha tsopano, ndipo sabata yathayi anafika okha kushedi kwawo kukaona mmene anyamata akupalira matabwa. Ena munamva za ngoziyi pa WhatsApp ya mpingo, ena munangomva m'maluwa, ndiye ndati ndifotokoze bwinobwino kuti aliyense alandire zikomo yake.

Anagwa ndi kabaza wa njinga yamoto akuchokera kogula guluu ndi misomali, fupa la ntchafu n'kuthyoka pakati penipeni. Kuchipatala cha boma cha kwathu anawajambula, n'kuwagoneka chagada, mwendo ataumangirira chingwe chodutsa pakawilo, cholemera chikulendewera kumiyendo kwa bedi. Umu ndi mmene ambiri othyoka ntchafu amachirira m'zipatala za m'maboma, ndipo zimatenga milungu 6 kapena kuposerapo munthu osadzuka, kusamba pomwepo, kudzithandiza pomwepo. Kwa kalipentala wodya za m'manja mwake, imeneyo ndi milungu ya njala pakhomo.

Zikomo yanga yoyamba ipite kwa achipatala oona za mafupa a kumeneko. Anakhala pansi nafe n'kutiuza mwachichewa chomveka kuti njira ina ilipo, yolowetsa chitsulo m'kati mwa fupa, ndipo analemba kalata yotitumiza ku Lilongwe.

Tikudikira, achimwene awo anakafunsa kuchipatala china cholipira. Funso loyamba linali lakuti, "Muli pa sikimu?" Ife ayi. MASM ndi masikimu ena otere amafuna munthu wolipira mwezi ndi mwezi, ndipo ambiri amene alipo ndi omwe amawadulira kuntchito. Mtengo umene anabwera nawo papepala sindiulemba pano, koma chitsulo chinali ndi mtengo wake, fiyeta wake, wogonetsa tulo wake, bedi lake. Tikanagulitsa makina onse a kushedi sitikanafika ndi theka lomwe. Zitsulozi sitipanga kuno, zimagulidwa kunja ndi madola, ndiye chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mutha kuona nokha. Njinga ija nayo inalibe inshuwalansi. Mnyamata woyendetsayo anabwera ndi amalume ake kudzapepesa, nkhuku ili m'khwapa, dzanja lake lili m'chikhakha. Sindinamusungire mangawa, ndipo ndikumuthokoza kuti sanathawe.

Opaleshoni inachitikira ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chili pa Kamuzu Central, chomwe anthu a ku Norway anathandiza kwambiri kuti chimangidwe. Atatuluka ku fiyeta, dokotala anatenga chithunzi cha ekisire n'kuchiyang'anitsa kuwindo kuti ndione. Chitsulo chinkaoneka choyera mbee, chowongoka kuchokera m'chiuno mpaka pafupi ndi bondo, timabawuti topingasa kumwamba ndi kumunsi, malo othyoka aja atakumana. Ndinalira pamaso pa wadi yonse. Pasanathe masiku ambiri a fizio anabwera n'kuwaimiritsa, iwo thukuta kamukamu, akugwira bedi ndi manja onse awiri, koma ataima.

Chitsulocho, fiyeta, magazi, bedi, sitinalipire ngakhale tambala. Ndinafunsa kuti chinthu chodula chonchi chachokera kuti. Anandiuza za bungwe la SIGN la ku America, limene linayambitsidwa ndi dokotala wa mafupa Lewis Zirkle mu 1999, lomwe limapanga zitsulo zotere n'kumazipereka mwaulere kuzipatala za mayiko osauka, ndipo anazikonza moti zitha kuikidwa ngakhale pamalo popanda makina ounikira fupa opaleshoni ili m'kati. Anthu amenewo sadzawerenga izi, koma Mulungu awaonjezere. Ndikuthokozanso inu nonse amene mumadulidwa msonkho pamalipiro, ndi inu amayi amene mumaulipira pogula katundu m'masitolo osadziwa n'komwe. Timangoti kuboma ndi ulere, koma alipo amene analipira, ndipo ndi inuyo.

Apa ndiye pali chimene chikundivutabe mumtima. Ife tinapeza chitsulo chilipo. Moyo wa banja usamadalire kuti tsiku limenelo mphatso ya alendo yafika kapena ayi. Anzathu a ku Zambia anakhazikitsa NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, potsatira lamulo la 2018: wapantchito amadulidwa 1 peresenti, womulemba ntchito n'kuikaponso 1 peresenti. Kuno kwathu thumba lotero kulibe. Ine ndikunena poyera kuti litakhalapo, loyendetsedwa mokhulupirika, lolola ndi akalipentala, amavenda ndi alimi omwe kuponyamo kangachepe, ndingakhale woyamba pamzere. Aphungu athu, nkhaniyi muitenge.

Ngakhale chithandizo chinali chaulere, ndalama zinatuluka ndithu: thiransipoti ya ku Lilongwe, makala ndi ndiwo za kukhitchini ya magadiyani, ndodo zoyendera, fizi ya ana teremu itatsegulira ife tili m'chipatala. Apa m'pamene munatinyamula. Amayi anzanga a banki nkhonde, munandibwereka osandiwerengera chiwongoladzanja, chinthu chimene malamulo a gulu lathu salola, koma munagwirizana nonse. Amayi a Mvano, ufa uja unatifikitsa kutali. Apongozi anga, munasiya munda wanu nthawi yopalira n'kudzakhala ndi adzukulu anu, sindidziwa kuti ndingakubwezereni chiyani. Inu amene munkatumiza pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ena mpaka ku Johannesburg, mauthenga anu onse ndawasunga. Alamu anga ndi anzanu awiri aja munakapereka magazi, zikomo. Anyamata a kushedi, munamaliza zitseko za makasitomala ndalama n'kubweretsa yonse osachotsapo.

Pali mayi wina wa ku Dedza amene ankadwazika mwana wake bedi loyandikana nalo. Usiku woyamba anandiona ndikugona pasimenti popanda kanthu, anang'amba katoni yake pakati n'kundipatsa theka. Tinasiyana osapatsana nambala. Ngati alipo womudziwa mayi wa mwana wothyoka mkono pogwa mumtengo wa mango, mumuuze kuti ndikumufuna.

Anamwino a usiku, okolopa m'wadi, ndi bambo okankha machira amene ankawaseketsa odwala popita ku fiyeta, nonsenu zikomo kwambiri.

Mwezi wamawa tibwereranso ku Lilongwe kukajambulitsa kuti aone mmene fupa lagwirira. Lamulungu likubwerali tikapereka chithokozo kutchalitchi pa mapemphero a m'mawa, ndipo amene muli pafupi tiyeni mudzatiperekeze. A banki nkhonde, gawo loyamba la ngongole ija ndibwera nalo pa msonkhano wa Lachinayi.