Ku Lugano, potsata mawu a Lys Assia

Ulendo wa ku Lugano sunali m'maganizo mwanga. Ndinapita ku Zürich, ku Switzerland, kukacheza kwa mchemwali wanga amene anakwatiwa kumeneko, ndipo madzulo ena ndinamva apongozi ake, gogo wachikulire ndithu, akung'ung'udza nyimbo uku akutsuka mbale. Nditafunsa kuti ndi ya yani, anapukuta manja, n'kukatulutsa chimbale chakale, chakuda chija cha galamafoni. Analoza chithunzi cha pachikuto n'kunena dzina lokha: Lys Assia. Zina zonse anafotokoza m'Chijeremani, mchemwali akumasulira, mpaka tiyi anatizizirira m'makapu.

Lys Assia anabadwa mu 1924 ku Rupperswil, m'chigawo cha Aargau, ndipo dzina la makolo linali Rosa Mina Schärer. Anayamba ngati wovina. Mu 1940 anapemphedwa kuimba m'malo mwa woimba wina, ndipo amene anamumva sanafunenso kuti abwerere kovina. Nyimbo imene gogo ankang'ung'udza ija inali O mein Papa, yopekedwa ndi Paul Burkhard, imene mu 1950 inatchukitsa Lys Assia mpaka ku Germany ndi kupitirira. Koma chimene chinandinyamulitsa chikwama n'chakuti mayiyu ndiye anapambana mpikisano woyamba weniweni wa Eurovision, wa nyimbo wa maiko a ku Ulaya, ndipo malo ake, Lugano, ali pa mtunda wa maola awiri okha pa sitima.

Ndinakwera ya m'mawa. Sitima imalowa pansi pa mapiri a Alps kudzera mumphanga ya Gotthard, yotalika makilomita 57, imene inatsegulidwa mu 2016. Mumakhala mumdima mphindi pafupifupi makumi awiri, ndipo mukatulukira mbali inayo mumaona ngati mwadumpha malire osaonetsa pasipoti. Zikwangwani zili m'Chitaliyana, dzuwa likuwala mosiyana, m'mabwalo a nyumba muli mitengo ya kanjedza. Kumeneko ndi ku chigawo cha Ticino, koma dziko ndi lomwelo la Switzerland. Siteshoni ya Lugano ili pamtunda, ndiye mumatsikira m'tauni pa kangolo kokokedwa ndi chingwe, nyanja ikuonekera kumunsi, phiri la San Salvatore kumanja, la Brè kumanzere.

Ndinayenda m'mbali mwa nyanja kufuna Teatro Kursaal, holo imene munachitikira mpikisanowo. Pamalopo lero pali kasino, pafupi ndi paki ya Ciani. Sindinalowe. Ndinakhala pa benchi moyang'anana ndi madzi n'kuika timahedifoni m'makutu.

Pa 24 May 1956 maiko asanu ndi awiri anasonkhana pamenepa: Switzerland, Germany, France, Italy, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg. Dziko lililonse linabweretsa nyimbo ziwiri. Za Switzerland zonse anaimba Lys Assia, ina m'Chijeremani, ina m'Chifalansa, ndipo ya m'Chifalansayo, Refrain, ndiyo inapambana. Oweruza anavota mwachinsinsi, mavoti awo sanalengezedwe mpaka lero. Ma TV anali ochepa nthawi imeneyo, anthu ambiri anamvera pa wailesi. Kanema wathunthu wa usiku umenewo palibe. Chatsala ndi mawu ojambulidwa, ndi kachidutswa kakafupi komuonetsa akubwereza nyimbo yake atapambana.

Zimenezi zinandikhudza kwambiri. Mpikisano umene lero uli wa magetsi othwanima, utsi ndi anthu mamiliyoni oonera unayamba ndi mzimayi mmodzi ataima chilili patsogolo pa oimba zida, wopanda chodalira china koma kukhosi kwake. Mawu ake safuula, sathamanga. Amatsetsereka bwinobwino ngati munthu amene akudziwa kuti mumumvera basi. Chifalansa sindichimva, koma nyimboyo ndinaibwereza katatu pa benchi pomwepo.

Sanalekere pomwepo. Mu 1957 anaimiranso dziko lake ku Frankfurt, chaka chomwe mwamuna wake woyamba anamwalira. Mu 1958 anapita ku Hilversum n'kukhala wachiwiri. Kenako anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Denmark wochita bizinesi ya mahotela, n'kukhala kumeneko zaka zambiri. Switzerland inadikira mpaka 1988 kuti ipambanenso, ndipo nthawi imeneyo amene anaiimbira anali Céline Dion wa ku Canada.

Chimene ndimamulemekezera koposa n'cha mu 2011. Ali ndi zaka 87 analowanso mpikisano wosankha woimira Switzerland, kulimbana ndi ana oti ndi adzukulu ake. Sanasankhidwe. Ena angati kunali kukakamira, ine ndikuti munthu amene ntchito yake ndi kuimba alibe tsiku loti wakula, asiye. Anamwalira pa 24 March 2018 ku Zollikerberg, kufupi ndi Zürich, ali ndi zaka 94.

Ndinadya polenta pa kalesitilanti ka kuseri kwa Piazza della Riforma, chakudya cha ufa wa chimanga chachikasu, chofewa kuposa nsima yathu, kenako n'kukwera ya madzulo. Nditafika, gogo anali asanagone. Ndinawaonetsa zithunzi za nyanja ndi za kasino uja. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kuuza mchemwali kuti usiku wa 1956 umenewo iwo anali kamtsikana, atakhala pansi pafupi ndi wailesi ya bambo awo. Atatero anadzuka kukaikanso chimbale chija.