Momwe ndinakonzera nyale ya LED pa thanki ya mbuna kuno ku Kasungu

Nyale ya LED imene ili pamwamba pa thanki yanga ya galasi inapangidwira anthu osunga makorali a m'nyanja za mchere, pomwe ine ndimasunga mbuna, nsomba zokhala m'miyala ya m'nyanja yathu ya Malawi, choncho ndisanaiyatse ndinayamba ndafufuza chifukwa chimene kuwala kwake kuliri kwabuluu chonchija. Korali ndi kanyama, koma m'thupi mwake mumakhala tindere ting'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, timene timapanga chakudya ndi mphamvu ya kuwala n'kumagawirako koraliyo. Madzi amameza kuwala kofiira pamamita ochepa chabe a pamwamba, ndipo kumene kumafika pansi kwambiri ndi kwabuluu, n'chifukwa chake opanga nyalezi amachulukitsa timababu tabuluu ta pafupifupi 450 nm (nm ndi muyeso wosonyeza mtundu wa kuwala). Pa bokosi la nyale zotere nthawi zambiri pamalembedwa manambala a pakati pa 10,000 K ndi 20,000 K (K ndi muyeso wa maonekedwe a kuwala: nambala ikamakwera, kuwala kumakhala kwabuluu kwambiri), pomwe kuwala kofanana ndi kwa masana kumayikidwa cha m'ma 6,500 K.

Mbuna sizidalira kuwala mwanjira imeneyi. Aliyense amene anayang'anapo m'madzi a ku Cape Maclear, pafupi ndi chilumba cha Thumbi, waona mmene nsombazi zimakhalira zikupala ndere pamiyala tsiku lonse. Chimene ndinkafuna ine n'chakuti miyala ya m'thanki imere ndere zopyapyala zobiriwira zoti nsomba zizidya, mitundu yawo yachikasu ndi yabuluu izioneka monga mmene ilili, komanso zisamakhale mwamantha. Pa zinthu zitatuzi mphamvu yonse ya nyale ya makorali ndi yochuluka mopitirira, ndipo ntchito yeniyeni inali yoichepetsa.

Ndinayamba ndi kupachika. Mmisiri wa zowotcherera anandipangira tizitsulo tiwiri togwira nyaleyo pamtunda wa masentimita pafupifupi 20 kuchokera pamadzi, chifukwa ikatsika kwambiri kuwala kumaunjikana pakati, m'mbali n'kukhala mdima. Pakati pa madzi ndi nyale ndinaika chivundikiro cha galasi, pakuti madzi a mbuna amakhala ndi laimu wambiri ndipo madontho ake akauma amasiya zoyera zimene zimatchinga kuwala. Kumsana kwa nyale, komwe kuli chitsulo cha aluminiyamu chotulutsa kutentha, ndinasiya poyera kuti mphepo izidutsa, popeza LED ikamatentha kwambiri imafooka msanga. Waya wake ndinaulendeweretsa kuti utsike kaye pansi usanakwere kupita ku soketi, kuti dontho lililonse lotsetsereka pa wayayo ligwere pansi osati m'magetsi.

Pamene ndinakhalitsapo ndi pa kusakaniza kuwala. Nyaleyi ili ndi mbali ziwiri zosinthidwa paderapadera, yoyera ndi yabuluu. Nditayesa yabuluu yokha, nsomba zachikasu za mtundu wa Labidochromis caeruleus zinaoneka zothimbirira, mchenga n'kusanduka wotuwa, ngakhale kuti mizere ya nsomba zabuluu inawala bwino ndithu. Yoyera yokha inabwezera chikasu koma thanki inaoneka yopanda kuya. Ndinakhazikika pakuti yoyera ikhale yotsogola, yabuluu ingothandizira, ndipo zonse ziwiri ndinayamba nazo pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake. Kenaka ndinkawonjezera pang'ono pakatha mlungu, ndikuyang'ana miyala ndi khalidwe la nsomba. Osunga makorali amachitanso chimodzimodzi, chifukwa korali ikalandira kuwala kwamphamvu mwadzidzidzi imatulutsa tindere take n'kuyera. Mbuna siziyera, koma zimathawira m'mapanga n'kusiya kudya poyera.

Poyamba miyala ndi galasi zinakutidwa ndi ndere zabulauni zonga fumbi, zimene zimachoka ukangopukuta ndi chala. Zimenezi zimabwera pafupifupi m'thanki iliyonse yatsopano ndipo sizifuna mankhwala. Zitayamba kuchepa, pamwamba pa miyala yoyang'ana ku nyale panamera zobiriwira, ndipo ndinaona nsomba yaimuna itaimirira chozondoka, mutu pansi, ikupala mwala ndi milomo yake mpaka kusiya timizere toyera. Pamenepo ndinaleka kuwonjezera mphamvu. Madzi akayamba kubiriwira kapena ndere zikamatalika ngati ulusi, ndimachepetsa maola, ndimachepetsa chakudya, ndiponso ndimasintha gawo la madzi, chifukwa ndere zimakula ndi kuwala pamodzi ndi zotsalira za chakudya.

Nyale imayaka maola 8 patsiku, kuyambira masana mpaka madzulo kuti ndiziona nsomba ndikaweruka kuntchito, ndipo imayamba pang'onopang'ono n'kuzimanso pang'onopang'ono. Ndimaona kuti zimenezi n'zofunika kwambiri, pakuti kuyatsa nyale mwadzidzidzi m'chipinda chamdima kumadzidzimutsa nsomba mpaka kudzigunda pagalasi, ndipo yaikazi imene yasunga mazira m'kamwa, monga zimachitira mbuna zonse, ikhoza kuwalavula nthawi isanakwane. Usiku ndimazimitsiratu, ngakhale timababu tabuluu timene ena amasiya toyaka, chifukwa nsomba zimafunika mdima kuti zipume. Thanki ndinaiika kutali ndi zenera kuti dzuwa lisawonjezere maola amene sindinawawerengere.

Pali zinthu ziwiri zimene malo athu amafuna kuti munthu aziganizire. Magetsi akazima, nyale si imene ndimayamba kuidera nkhawa, popeza mbuna zikhoza kukhala masiku osayatsiridwa nyale popanda vuto. Batire la 12 V lotchajidwa ndi sola ndinalisungira pampu ya mpweya ndi sefa ya madzi, ndipo magetsi akabwerera ndimaona ngati nthawi ya nyale sinasokonezeke. Chachiwiri ndi kuzizira. Mababu akale ankafunditsako madzi, pomwe LED imatumiza kutentha kochepa kwambiri m'thanki, kotero m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene m'mawa wa ku Kasungu umazizira, ndimadalira hita kuti madzi akhale pakati pa madigiri 24 ndi 27, ndipo ndimayang'ana choyezera kutentha m'mawa uliwonse nyale isanayake.